Chingwe cha Nell

Ku Carrowmoyle kunalibe munthu wa mahatchi awiri, chikhalirecho pulawo imafuna mahatchi awiri. Choncho mlimi aliyense anali ndi mnzake wophatikizana naye ziweto nthawi yolima, ndipo ubwenzi woterewu unkalimba kuposa maukwati ena a m'mudzimo. Malachy Ruane anali ndi hatchi yamphongo yotchedwa Major. Festy Padden, amene munda wake unkachita malire ndi wa Malachy, anali ndi yaikazi, dzina lake Nell. Pulawo inali ya Malachy, zomangira zinali za Festy. Chaka chino ayamba munda wa uyu, chaka chamawa wa uyo, ndipo zinayenda choncho kuyambira ana a Malachy akukwawa mpaka onse atawoloka nyanja kukagwira ntchito ku England.

Pakati pa nyumba ziwirizi sipankadutsa ndalama. Festy sanakwatirepo, ndiye Sabina, mkazi wa Malachy, ankamuphikira buledi ndi kumusokera zigamba. Iye ankabweza mbande za kabichi, mbewu ya mbatatesi, pena tsiku lathunthu lomweta udzu. Nkhumba ya Festy ikaswa, kamwana kamodzi kankapita kwa a Ruane, ndipo nthawi yokolola ikafika ngolo ya makala akudambo, zigulumwa za dothi lakuda zomwe amakumba n'kuumika kuti azisonkhera moto, inkatsikira kwa Festy, chifukwa dambo labwino linali la Malachy. Palibe ankalemba, komanso palibe ankaiwala.

Kupatula ulimi, Malachy anali ndi mbiri ina, ndipo imeneyi ndiyo ankayenda nayo chifuwa patsogolo. Anali mkhalapakati wa malonda. Pamsika wa ziweto wogula ndi wogulitsa sangamalize okha, ngakhale mitima yawo itagwirizana kale. Wogula ayenera kunyoza chiwetocho n'kunyanyala, wogulitsa ayenera kulumbira pali amayi ake kumanda kuti sachotsa ngakhale khobidi. Ndiye pamafunika wachitatu woti athamangire wonyanyalayo, am'koke jekete, agawe pakati ndalama yomwe akulimbiranayo, agwire manja a onse awiri n'kuwombetsa zikhatho. Zikhatho zikalira malonda atha, ngakhale wansembe sangawamasule. Malachy akafika pomaliza ankangonena kuti, "Musandiphwanyire mawu anga," ndipo panalibe munthu amene anam'phwanyirapo, poti kukanira mkhalapakati atanena choncho n'kumuvula pagulu. Malipiro ake anali tambula ya wisiki basi, koma iye akanagwira ntchitoyo ngakhale pa madzi a pachitsime.

Chaka chimene tikunenachi mvula inagwa nyengo yonse yotentha, makala akudambo sanaume bwino kwa aliyense. Malachy anali atatenga kale kankhumba kwa Festy, ndiye anakatula ngolo yake monga mwa nthawi zonse, ouma pamwamba, onyowa pansi. Sanachitire dala, ndi omwe analipo. Lamlungu lotsatira, Misa itatha, amuna ataima pachipata cha tchalitchi akuyatsa fodya, Festy anafuna kuseketsa anthu.

"Makala ako aja, Malachy, ndikumayamba ndawafinyira m'ndowa. Madziwo ng'ombe zikumwa, zotsalazo ndiye ndikusonkhera moto. Chitsime ndi nkhuni pa kankhumba kamodzi! Ndakubera, mnzanga, ndikaulula kwa Bambo Mfumu."

Anthu anafa nacho chikhakhali, ndipo Bambo Mfumuwo, amene ankadutsa, anachita kutseka pakamwa ndi chipewa. Festy ankati akucheza. Koma Malachy anali ndi nthenda imodzi: kutukwanidwa ankapirira, kusekedwa ayi. Anafika kunyumba nkhope ili psuu, anatsegula kabati, n'kutenga mapaundi awiri mwa ndalama zimene mwana wawo anatumiza. Anakam'peza Festy m'nyumba mwake akusenda mbatatesi yowiritsa, n'kuika mapepalawo patebulo pafupi ndi mchere.

"Mtengo wa kankhumba kako uwo. Makalawo ndakupatsa ulere. Tsopano palibe wobera mnzake."

Festy anayang'ana ndalamazo nthawi yaitali, mbatatesi ili m'manja. "Zikomo, Bambo Ruane," anatero.

Kuno munthu ukam'menya chibakera, mumadzapatsana moni pamaliro otsatira. Koma ukam'lipira, wamuuza kuti kwa iwe ali ngati wogula mazira wa m'tauni, ndipo zimenezo sizipola msanga. Nyengo yonse yachisanu inatha awiriwa osalankhulana. Akakumana panjira aliyense ankapeza chochititsa chidwi m'mitambo. Amene sanamve za mkanganowo anali mahatchi, omwe m'mawa uliwonse ankakumana pampanda wamiyala n'kumakandana makosi.

Febuluwale ali kumapeto, nthaka itayamba kuuma, Sabina anabwera kuchokera kusitolo ya mayi Munnelly, komwe anakasinthanitsa mazira ndi tiyi, shuga ndi sopo. Anatula dengu mwamphamvu kuposa momwe zinkafunikira.

"Mwamva za mnzanu?"

"Ndilibe mnzanga ine."

"Chabwino. Mwamva za munthu mulibe naye kanthu uja? Lachinayi akupita ndi Nell kumsika wa ku Kilbarra. Wanena yekha m'sitolo, ine ndili pomwepo, mokweza ngati akulengeza maliro."

Malachy anapitiriza kupala chitoliro chake cha fodya. "Agulitse. Hatchi ndi yake."

"Hatchi ndi yake, munda ndi wanu. Mulima ndi chiyani, mano? Kapena mundimanga ine pambali pa Major?"

"Ndipeza wina wophatikizana naye."

"Ndani? Mudzi uno aliyense ali ndi wake ngati nsapato. Abambo inu, dumphani mpandawu mukalankhule naye. Si nyanja ya ku England iyi."

"Ndipite ine? Munthu anandisandutsa choseketsa pakhomo pa tchalitchi!"

"Ndipo inu munakaika ndalama patebulo la munthu amene ananyamula bokosi la amayi anu. Wamkulu ndani pamenepo?"

Malachy anatuluka n'kukaima pamwamba pa munda wake, wotsetsereka, wamiyala, woyembekezera mbatatesi ndi otsi, mbewu yodyetsa ziweto. Popanda Nell pulawo ikanangokhala m'khola kudya dzimbiri, ndipo munda wonsewo ukanafuna fosholo, iye ali ndi msana woti akawerama amadzuka ndi pemphero. Munda ukapanda kulimidwa mu Malichi, ng'ombe zilibe chakudya m'chisanu, eni ake nawonso amadya moyang'ana m'thumba. Zonsezi ankazidziwa bwino. Koma kudumpha mpanda uja kunamukanika, ndipo m'malo mwake anapeza nzeru ina, yamanyazi. Anati apita kumsikako, ndipo wogula aliyense wooneka wotsimikiza akam'nong'oneza kuti hatchiyo imatsokomola m'mawa. Mawu amodzi otero amapha malonda. Nell akabwerera kwawo, zotsalazo zidzaoneka.

Lachinayi msewu waukulu wa Kilbarra unadzaza kusanache bwino. Eni masitolo anali atakhoma matabwa kutsogolo kwa mawindo kuopa nyanga, ndowe inali kale m'akakolo, ndipo paliponse panali ndodo, zipewa ndi malumbiro. Malachy anam'peza Festy pafupi ndi mpope wa madzi, ataima njo, dzanja limodzi lagwira chingwe cha Nell, lina lili m'thumba. Hatchiyo anali ataipesa mpaka ikung'anima, ili chikondwerere ndi phokosolo. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, anaganiza motero Malachy, ndipo mtima unamuwawa.

Anaima patali, kuseri kwa ngolo ya wogulitsa mbande za kabichi, n'kumamvetsera. Mlimi wina anafika, anayang'ana hatchiyo m'kamwa, n'kufunsa mtengo.

"Mapaundi makumi anayi," anatero Festy.

"Ndafunsa hatchi yokha, achimwene, osati ndi munda womwe."

"Makumi anayi."

Munthuyo anachoka akupukusa mutu. Anabweranso wina, nayenso anachoka akuseka. Malachy anapumira m'mwamba. Nell anali wa makumi atatu tsiku labwino, ndipo pa mtengo wa Festy sakanagulidwa ngakhale msika utakhala mlungu wonse. Umbombo wam'pusitsa nkhalambayi, anatero mumtima, ndipo sanaganize kupitirira pamenepo.

Mtima utakhala pansi, manja anayamba kuyabwa. Anthu ankam'kodola uku ndi uku. Anamaliza malonda a ana a ng'ombe awiri, kenako a bulu, kenako anasinthanitsa nkhosa za mayi wina wamasiye ndi ng'ombe yaikazi yaing'ono, mwini ng'ombeyo n'kuwonjezeredwa thumba la mbewu ya otsi. Malonda aliwonse anali ndi tambula yake. Pofika masana chipewa chinali chitapendekera kumbuyo, mawu atakwera, ndipo Malachy anali mfumu ya msewu wonsewo monga ankakhalira nthawi zonse.

Potuluka m'bala anaona gulu litazungulira mpope uja. Pakati pake panali munthu wamtali wa nsapato zachikasu ndi jekete lofika m'mawondo, Loftus, wogula mahatchi wochokera kum'mawa, amene ankadzaza mabogi a sitima msika uliwonse. Ameneyu sanali wofunsa mtengo n'kuseka. Akaima pa hatchi kawiri ndiye kuti waifuna. Pambali pake pankadumphadumpha Ulick Tighe, mkhalapakati wa dzina lokha, wa dzanja lofewa ngati nsomba, akukoka uyu, akukoka uyo, palibe chikusuntha.

Malachy anadziwa kuti nthawi ya kanong'onong'o kake yakwana. Analowa m'gulumo n'kufika kumbuyo kwenikweni kwa Loftus, mawu a chifuwa aja ali kale palilime. Koma Loftus ndiye anayamba kulankhula, mokweza kuti onse amve.

"Makumi awiri ndi asanu, ndipo ndikuchita chifundo. Taonani mano awa, atha. Mpweya ndi wochepa, miyendo yakutsogolo yagwa. Nkhalamba iyi sifika ndi kumapeto kwa mzere. Kwake n'kukwera chombo ikasanduke soseji kunja."

Ndi mmene wogula aliyense amalankhulira, ndipo Malachy anamvapo zoposa pamenepo kambirimbiri osagwedezeka. Koma uyu anali Nell. Anali atayenda pambuyo pa mchira umenewo zaka zonse zija, m'mvula ndi m'mphepo.

"Bwana, mwati soseji?"

Loftus anatembenuka. Gulu linatsegula njira lokha.

"Hatchi iyi ine ndikuidziwa kuposa mmene inu mukudziwira akazi anu," anatero Malachy. "Imalunjika mzere yokha. Mutha kugona pa pulawo, idzakudzutsani kumapeto kwa munda. Miyala ya khoma la sukulu inakwera chitunda cha Carrowmoyle pamsana pa ndani? Mahatchi a anthu ena anagwada pakati pa njira, iyi inafika pamwamba n'kupempha ina. Mwati mpweya? Ithamangitseni! Tapatukani uko, inu!"

Analanda chingwe m'manja mwa Festy osam'yang'ana n'komwe, n'kuthamanga nayo hatchiyo mpaka pa positi ofesi ndi kubwerera, msana uja atauiwala. Atafika anagwira Loftus pakhosi pa jekete n'kum'gunditsa khutu panthiti za Nell.

"Mvetserani! Mwamva kutsokomola? Mwamva kakulira kalikonse? Wotchi ya m'tchalitchi iyi, bwana. Mukapeza yoposa iyi msika uno, ndidya chipewa changa chopanda mchere."

"Wafika mwini wake!" wina anakuwa. "Ulick, suntha, uphunzire ntchito!"

Loftus anadzuka akupukuta khutu, maso akuseka. "Makumi atatu. Ndipo ndatha."

"Makumi anayi," anatero Festy motsitsa. Tsopano sankayang'ananso wogulayo, ankayang'ana Malachy.

Loftus anaponya manja m'mwamba n'kuyamba kuchoka, monga mwa mwambo wake, pang'onopang'ono kuti wom'gwira asavutike. Apa ndi pomwe Malachy akanangoima. Akanapinda manja, munthuyo akanapita, Nell akanagona kwawo. Ndipo anaimadi kamphindi. Koma Ulick Tighe, amene manyazi anali atam'gwira, analankhula kumbuyo kwake.

"Apa ndiye ngakhale Ruane walephera. Dzanja la Festy lili m'thumba kuyambira m'mawa, lamera mizu. Komanso paja awiriwa sayankhulana, nkhani ya makala onyowa ija."

Ena anaseka. Sanali ambiri, koma Malachy anawamva onse. Sanadziwe kuti miyendo yanyamuka liti. Anangozindikira wagwira mchira wa jekete la Loftus, akum'kokera pampope ngati mwana wothawa sukulu.

"Bwererani kuno, bwana, simunabwere ulendo wonsewu kudzaona mpope. Tambasulani dzanja. Inu mwati makumi atatu, uyu wati makumi anayi. Mwasiyana khumi. Tidula pakati, asanu uku, asanu uko. Makumi atatu ndi asanu!"

"Mukundipha," anatero Loftus, koma analavulira m'chikhatho n'kuchitambasula.

Malachy anatembenukira kwa Festy, n'kum'gwira pamkono, n'kusolola dzanja lija m'thumba. Linali lozizira, lolimba, lokhakhala. Kanali koyamba kum'khudza kuyambira nthawi yokolola. Festy analifumbata.

"Tsegula dzanja, Festy."

"Ndati makumi anayi."

"Tsegula, munthu iwe, anthu akuona! Mtengo uwu sudzaupezanso mpaka kufa." Anakoka, Festy anabweza, anakokanso. Gulu linali litakhala chete, ena atakwera pangolo kuti aone bwino. Ndipo Malachy, magazi akuwira, ananena mawu ake aja, amene anali asanagwepo pansi. "Usandiphwanyire mawu anga, Festy."

Festy anam'yang'ana m'maso. "Ndi mawu ako amenewo, Malachy?"

"Mawu anga."

Zala zija zinatambasuka chimodzichimodzi. Malachy anakweza dzanjalo n'kuligwetsera pa la Loftus. Phaa!

Gulu linaphulika. Anthu ankam'menya pamsana, ena akugwedeza Ulick chipewa, ndipo Malachy anamva kukoma kumene ankakumva nthawi zonse, kotentha kuyambira m'mimba mpaka m'makutu. Kukomako kunatha pamene Loftus anaviika nsonga ya ndodo yake m'matope n'kupaka chizindikiro pathako la Nell, kuti aliyense adziwe kuti yagulidwa. Malachy anayang'ana matope aja akutsetsereka pa ubweya wopesedwa bwinowo, ndipo wisiki yense anam'thera m'mutu.

Anam'kokera Loftus pambali. "Bwana, tamverani. Pachitika kulakwitsa pang'ono. Hatchiyi... imatsokomola m'mawa."

Loftus anaseka mpaka kugwira mpope. "Wotchi ya m'tchalitchi ija? Bambo Ruane, zikhatho mwawombetsa ndinu. Anthu ena angandipemphe kumasula malonda, koma inu? Mawa mudzaimanso pati pamsika?"

Madzi akatayika saoleka. Loftus anawerengera Festy ndalama zake, ndipo Festy anapisa m'thumba la mkati kuti abweze ya mwayi, poti chiweto chopita popanda kandalama kochokera kwa mwini wake sichim'yanja wogula. Anthu amabweza mashileni ochepa. Festy anatulutsa mapepala awiri opindidwa, ndipo Loftus anaimba mluzu.

"Mwayi wonsewu? Mulungu akudalitseni, bambo. Mukadzakhala ndi ina mudzandiitane."

Kenako Festy anamasula chingwe kumutu kwa Nell, Loftus n'kumangapo chake. Chingwe sichipita ndi chiweto, chifukwa mwayi wa pakhomo umakhala m'menemo. Festy anasisita hatchiyo pamphuno kamodzi, ndipo anthu a Loftus anaitenga kulowera kusiteshoni. Inkayenda bwino kwambiri, mutu uli m'mwamba. Malachy anamwa tambula yake ya mkhalapakati ataimirira, poti kukana kukanaipitsa malondawo, ndipo inam'koma ngati palafini.

Njira yochoka ku Kilbarra kupita ku Carrowmoyle ndi imodzi, ndiye sakanapewana. Malachy anam'peza Festy patsogolo pa mlatho, akuyenda pang'onopang'ono, chingwe chili paphewa. Anayenda limodzi mtunda ndithu, wina mbali iyi ya msewu, wina mbali iyo, dzuwa likupendeka. Woyamba kutopa ndi chete anali Malachy.

"Bwanji sunakane?"

"Ndikane chiyani?"

"Dzanja. Ukanalibweza m'thumba."

"Pamaso pa Kilbarra yense? Ulick Tighe ali pomwepo, mano pamtunda?" Festy anasamutsira chingwe paphewa lina. "Ndinakuseketsa kamodzi pachipata cha tchalitchi, ndipo ndadya buledi wa m'sitolo chisanu chonse. Umafuna ndikuvulenso kachiwiri?"

Malachy anam'yandikira. "Nanga unapitiranji nayo kumsika?"

"Makumi anayi, Malachy. Iwe wodziwa mitengo ya ziweto zonse za m'chigawo chino, wamisala wake ndani akanagula Nell pa makumi anayi? Ndinakanena m'sitolo dala, Sabina ali pomwepo. Ndimati ubwera, unena kuti, 'Festy, chitsiru iwe, tiye nayo kunyumba hatchiyi, tili ndi munda wolima.' Basi. Ndikanakutukwana pang'ono, n'kubwerera. Ndaima pampope paja kuyambira m'mawa, mapazi achita dzanzi, ndikukuona ukubisala kuseri kwa kabichi. Utalowa m'gulu muja ndinati, eya, wafika." Anam'yang'ana cham'mbali. "Ndipo unafikadi."

Malachy anafuna kuti nthaka ing'ambike. Manyazi anam'gwira, chisoni chinam'gwira, ndipo choipitsitsa n'chakuti penapake mkati mwake kamtima kena kankanenabe kuti makumi atatu ndi asanu unali mtengo wabwino zedi.

"Ugula ina," anatero. "Ndalama uli nayo. Ndikakusankhira ndekha."

"Msika wina wa mahatchi ndi wa mu Meyi. Tidzabzala otsi mu Meyi? Komanso Major wakoyo amaluma hatchi iliyonse yomwe si Nell, ukudziwa. Ndi msinkhu wangawu sindiyambanso kuphunzitsa ina. Ndinayamba ndi amayi ake a Nell, ndathera pa Nell."

Anadutsa nyumba ya a Gaughan, agalu anauwa, mayi wa pakhomopo anasuzumira pawindo n'kuona anthu awiri osayankhulana aja akuyenda limodzi. Nkhani inali itapeza miyendo.

"Mwayi uja unam'patsa wambiri," anatero Malachy, pofuna kungonena kanthu. "Mapaundi awiri! Anthu adzaipitsa msika."

"Sizinali zanga. Mapepala ako aja. Akhala pansi pa jagi pakabati chisanu chonse, ndikadya akundiyang'ana. Ndinawatenga m'mawa kuti ukabwera ndikuponyere kumaso." Festy anafwenthera m'kansalu. "Apita ndi Nell. M'nyumba mwanga mulibenso ndalama yako."

Atafika pomwe tinjira ta kunyumba zawo timasiyana, Major anali pachipata, khosi litadutsa pamwamba pa matabwa. Anali atalira tsiku lonse, mawu atasasa. Ataona Festy anaimika makutu, n'kuyang'ana kumbuyo kwa amuna awiriwo, kumsewu, komwe kunalibe kanthu.

Festy anachotsa chingwe paphewa. Chinali chakale, chakuda ndi thukuta, chokhala ndi mfundo yomwe Malachy anamanga yekha chitaduka chaka china. Anachitambasulira kwa mnzakeyo.

"Tenga. Kwanga kulibe mutu wochimangapo."

Malachy anachilandira. Dzanja linanyamuka lokha kulowera kuthumba, koma analigwira lisanafike. "Ndikupatse chiyani?"

"Ngolo ya makala," anatero Festy. "Ouma."

Anayamba kukwera kanjira ka kwawo, kenako anaima osatembenuka. "Chaka chino tiyamba munda wako. Ndibwera Lolemba. Umuuze Sabina kuti buledi wa mayi Munnelly akundimanga m'mimba."

Malachy anatsala pachipata, chingwe chili m'manja. Major anachinunkhiza, n'kuchinunkhizanso, n'kulira moyang'ana kumsewu. Sabina anali ataima pakhomo nthawi yonseyi, manja ali m'epuloni. Anayang'ana mwamuna wake, anayang'ana chingwecho, anayang'ana Festy akukwera chitunda yekha.

"Wagula ndani?" anafunsa.

"Loftus."

"Anawombetsa manja ndani?"

Malachy anayang'ana pansi.

Sabina sanafunsenso. Analowa m'khola, anadutsa pulawo, n'kukwera pampando kutsitsa mafosholo awiri olimira amene anakhala kudenga kuyambira chaka chomwe Nell anaphunzira kukoka. Anawatsamiritsa pakhoma pafupi ndi chitseko, n'kuikapo ndi mwala wonolera.